CHAMBA NDI VOTI YATHU: KALATA KWA AKHRISTU NDI ANTHU ONSE AKUFUNA KWABWINO



1. Mau Oyamba

Ife a m'bungwe la Mpingo loona za ulamuliro wabwino takulemberani kalata ino pa nkhani imene kale inkakambidwa monong'ona, koma lero yafika m'Nyumba ya Malamulo, pa wailesi ndiponso m'mabwalo momwe achinyamata athu amacheza. Nkhani yake ndi ya chamba, chimene ena amachitcha fodya wamkulu. Funso limene likufunsidwa ndi ili: kodi anthu ovota avomereze kuti munthu wamkulu azigula ndi kusuta chamba mwaufulu, pongofuna kudzisangalatsa, monga momwe ena amamwera mowa?

Ena angadabwe kuti nkhani yotereyi ikulowa bwanji m'kalata ya za ulamuliro. Ikulowa chifukwa lamulo liri lonse limafuna boma lotha kuliyendetsa. Kuvomereza chinthu kumatheka tsiku limodzi, koma kuchiyang'anira ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya apolisi, azaumoyo, makhoti ndi mafumu. Titasinkhasinkha mozama, maganizo athu ndi akuti dziko lathu lisavomereze kusuta chamba pakali pano. Tikunenanso kuti m'mene lamulo loletsa likugwirira ntchito lero muli zambiri zosemphana ndi chilungamo, ndipo ziyenera kukonzedwa.

2. Zinthu zitatu za dzina limodzi

Mtsutso wa chamba umasokonekera chifukwa timatchula zinthu zitatu ndi dzina limodzi. Choyamba ndi chamba cha m'mafakitale, chimene amapangira nsalu, zingwe, mapepala ndi mafuta. Chimenechi chiri ndi THC wochepa kwambiri, ndipo THC ndiye mphamvu ya m'chamba imene imazunguza bongo. Chachiwiri ndi chamba cha mankhwala, choperekedwa ndi dokotala pa muyeso wake. Akatswiri adapeza kuti mankhwala ochokera ku chamba amathandiza ena amene ali ndi ululu wosatha, odwala khansa amene akusanza chifukwa cha mankhwala amphamvu, ndi ana odwala mitundu ina ya khunyu yovuta kuchiza. Poona izi, mu Disembala 2020 nthambi ya bungwe la United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo idachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa kopambana, ngakhale kuti idachisiya pakati pa mankhwala oyenera kuyang'aniridwa mwamphamvu.

Chachitatu ndi chamba chosuta pofuna kusangalala. Kalata ino ikunena za chimenechi. Wina akakuuzani kuti chamba ndi mankhwala, ndiye kuti aliyense azisuta, dziwani kuti wasakaniza nkhani ziwiri zosiyana.

3. Pamene dziko lathu lafika

Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha m'mafakitale ndi cha mankhwala, ndipo padakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka ziphaso. Mu Malichi 2024 aphungu adavomerezanso bilu imene adabweretsa a Peter Dimba, yofuna kuti chamba cha kwathu kuno, chimene kunja chimatchuka ndi dzina loti Malawi Gold, chizilimidwanso ndi chiphaso pa zolinga zomwezo. Kusuta chamba pofuna kusangalala kudakali mlandu.

Chimene chidafulumiza atsogoleri athu tonse tikuchidziwa. Kwa zaka zambiri fodya ndiye wakhala akubweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja, koma maiko ambiri akulimbana ndi kusuta, ndipo mu 2023 dziko lathu lidalowa nawo m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya. Kufunafuna mbewu ina yodalirika sikulakwa. Chodetsa nkhawa ndi chakuti mitengo ya ziphaso imene idalengezedwa mu 2020 idali madola 10,000 a ku America pa chamba cha mankhwala, ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Mlimi wamba wa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, amene amavutika kupeza thumba limodzi la feteleza, akadazitenga kuti ndalama zoterezi? Lamulo lidatsegulira chitseko a chuma, pamene mphawi adatsala panja, akutchedwabe wolakwira lamulo.

4. Zimene anzathu adaona

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tiyeni tione kumene funsoli lidafika kale pa bokosi la voti.

Ku United States, anthu a m'zigawo za Colorado ndi Washington ndiwo adayamba kuvomereza kusuta chamba, pa voti ya mu Novembala 2012. California idatsatira mu 2016, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 zigawo zolola zidali 24. Pofika 2019 Colorado idali itatolera msonkho wa chamba woposa madola biliyoni imodzi, ndipo omangidwa pa milandu ya chamba adachepa kwambiri. Koma ku California malonda ozembera lamulo adapitirirabe, chifukwa chamba chopanda msonkho chimakhala chotsika mtengo. Ku Canada, kumene aphungu adavomereza mu 2018, ndiponso m'zigawo zina za ku United States, madokotala adaona kukwera kwa chiwerengero cha ana aang'ono obwera ku chipatala atadya maswiti ndi makeke okhala ndi chamba.

Si onse ofunsidwa amene adavomera. Ku New Zealand mu 2020, anthu pafupifupi 51 pa 100 aliwonse adakana pa riferendamu. Mu Novembala 2024 anthu a ku North Dakota ndi South Dakota adakananso, ndipo ku Florida ovomera adali pafupifupi 56 pa 100 aliwonse, osafika pa 60 amene lamulo la kumeneko limafuna.

Phunziro lalikulu kwa ife likuchokera ku Thailand. Mu Juni 2022 boma la kumeneko lidachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa lisadakhazikitse lamulo lokwanira loyendetsera malondawo. Masitolo a chamba zikwizikwi adatsegulidwa m'kanthawi kochepa, ndipo mu Juni 2025 boma lidabwerera m'mbuyo, n'kulamula kuti wogula azikhala ndi kalata ya dokotala. Walira mvula walira matope.

Pafupi nafe, ku South Africa, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mu Sepitembala 2018 kuti munthu wamkulu atha kulima ndi kusuta chamba chake kumalo kwake, ndipo lamulo lotsatira chigamulochi lidasainidwa mu Meyi 2024. Abale athu ambiri amagwira ntchito kumeneko, ndipo nkhaniyi imafika kuno itakometsedwa. Dziwani kuti lamulolo silidalole kugulitsa chamba, ndipo kuoloka nacho malire kudakali mlandu waukulu.

5. Mfundo za amene akufuna lamulo lisinthe

Sitingachite chilungamo tikapanda kumva mbali inayo. Amene akufuna kuti kusuta kuvomerezedwe akuti chiletso chalephera, pakuti chamba chimalimidwa ndi kugulitsidwa ngakhale chakhala choletsedwa kuyambira nthawi ya atsamunda. Akuti phindu lake limathera m'matumba a ozembetsa ndi olandira ziphuphu, pamene boma silipezapo msonkho. Akufunsanso chifukwa chimene timalolera mowa ndi fodya, zimene zimapha anthu ambiri, n'kumamanga mnyamata wopezeka ndi ndudu imodzi ya chamba. Abale athu a chi Rasta nawonso amakumbutsa kuti kwa iwo nkhaniyi ikukhudza ufulu wa chipembedzo. Mfundo zimenezi si zopeputsa ayi, ndipo ozinena si adani a dziko.

6. Chifukwa chake tikuti ayi pakali pano

Choyamba, dziko lathu ndi la ana. Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu 17.5 miliyoni a m'Malawi muno adali osakwana zaka 18. Bongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo kafukufuku amaonetsa kuti mwa anthu 10 osuta chamba, pafupifupi mmodzi amafika polephera kusiya. Mwa oyamba akadali achichepere, amakhala mmodzi mwa 6. Kafukufuku wina amene adafalitsidwa mu 2019 adapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu ali pa chiopsezo chodwala misala pafupifupi kasanu poyerekeza ndi amene sadasutepo. Si aliyense wosuta amene amadwala, koma palibe amene amadziwiratu kuti tsokalo ligwera mwana wa yani. Ndipo chamba cha kuno chidatchuka chifukwa cha mphamvu yake yomweyo.

Chachiwiri, kodwalira kwake n'kochepa. Chipatala chachikulu cha boma cha odwala matenda a misala ndi cha ku Zomba, ndipo madokotala a matendawa ndi owerengeka pa dziko lonse. Mwana akasokonezeka mutu kumudzi, amene amasenza mtolowo ndi amai ake ndi agogo ake, nthawi zina mpaka kumumanga ndi chingwe chifukwa chosowa pogwira. Maiko amene adavomereza kusuta ali ndi zipatala zambiri, komabe akudandaula. Nanga ife?

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani ya ulamuliro: kuvomereza chamba kumafuna boma lotha kuona zaka za wogula, kuyeza mphamvu ya chogulitsidwa, kuyeza madalaivala pa msewu, ndi kutolera msonkho popanda katangale. Tiyeni tidzifunse moona mtima. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Kodi kwanuko likutsatidwa? Mu 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti utaononga ana a sukulu ochuluka. Kodi mowa waukali wotsika mtengo udachoka m'misika yathu? Ngati tikulephera pa zimene tidavomereza kale, n'chiyani chikutitsimikizira kuti pa chamba tidzakwanitsa? Ndipo malonda akangokhazikika, eni ake amapeza ndalama zokopera andale, kotero kuti kubweza lamulo kumadzavuta kuposa kulikhazikitsa.

7. Ayi wathu sakuvomereza zimene zikuchitika

Tikadalekera pamenepa tikadakhala achinyengo. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi mlimi wosauka, wakabaza amene watumidwa kunyamula katundu, ndi mnyamata wosowa ntchito. Mwini wake wa matumbawo samaoneka m'khoti kawirikawiri. Mnyamata woponyedwa m'ndende zathu zodzaza kale amatuluka ataphunzira umbanda, sukulu itamuthera, ndipo dzina lake litaipa. Chifukwa cha ichi tikupempha izi:

Kwa aphungu: aunikenso zilango, kuti wopezeka ndi chamba chochepa chosuta yekha azitumizidwa ku uphungu, ku chithandizo cha chipatala kapena ku ntchito yothandiza dera lake, ndipo ndende ikhale ya ozembetsa ndi ogulitsa kwa ana.

Kwa boma: litsitse mitengo ya ziphaso kwa alimi ang'onoang'ono a m'makopaletivi, lionetsetse kuti msika ulipodi alimi asadalimbikitsidwe kulowa ngongole, ndipo lizilengeza poyera amene apatsidwa ziphaso ndi ndalama zimene zatoleredwa. Gawo la ndalamazo lipite ku chithandizo cha odwala matenda a misala m'zipatala za m'maboma.

Kwa apolisi ndi bungwe lolimbana ndi ziphuphu: atsate mwini katundu, osati wonyamula yekha.

Kwa makolo ndi ife tonse: m'mera mpoyamba. Tizilankhula ndi ana athu zoona zake za chamba popanda kuwonjezera, pakuti mwana akazindikira kuti tamunamiza pa chimodzi, sadzatikhulupiriranso pa zina. Wogwa m'vutoli tisamutche chitsiru kapena kumusala. Akadali munthu woyenera ulemu.

8. Udindo wa wovota

Kwathu kuno anthu wamba alibe mphamvu yoika okha funso pa pepala la voti monga zimachitikira ku Colorado. Malamulo amasinthidwa ndi aphungu, ndipo mphamvu yoitanitsa riferendamu iri ndi Mtsogoleri wa dziko. Riferendamu yotsiriza idachitika pa 14 Juni 1993, pamene tidasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Kuonjezera apo, gawo 64 la Malamulo Oyendetsera Dziko, limene linkalola anthu kuchotsa phungu wao nthawi yake isadathe, lidafafanizidwa mu 1995. Ndiye kuti liu lanu limamveka pa chisankho, ndiponso pamene mukumufunsa phungu wanu pakati pa zisankho.

Nkhani yaikulu chotere isadzadutse m'Nyumba ya Malamulo mothamanga anthu asadafunsidwe. Ngati tsiku lina idzafika pa riferendamu, funso lake lidzakhale lomveka m'zinenero zathu, lamulo lonse lidzakhale litalembedwa kale kuti anthu adziwe chimene akuvotera monga adachitira ku New Zealand, ndipo opereka ndalama za kampeni ya mbali zonse adzadziwike. Voti yogulidwa ndi nsalu kapena mchere siimanga dziko.

9. Mafunso okambirana m'Miphakati ndi m'Malimana

Kodi m'dera lathu amene amapindula ndi chamba ndani, ndipo amene amalangidwa ndani?

Kodi mabanja amene ali ndi mwana wosokonezeka mutu timawathandiza motani?

Kodi phungu wathu maganizo ake ndi otani pa nkhaniyi, ndipo adatifunsapo liti?

10. Mau Otsiriza

Abale ndi alongo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Umphawi wathu ndi weniweni, ndipo tikumvetsa amene akuona chamba ngati njira yachidule yotulukira m'mavuto. Koma chuma cha dziko chiyenera kutumikira anthu ake, makamaka ana ndi osauka, amene sadzakhala nawo pa tebulo logawirana phindu. Tiyambe takonza zimene ziri m'manja mwathu: zilango zachilungamo, zipatala zothandiza, ndi maofesi opanda ziphuphu. Kalatayi iwerengedwe ndi kukambidwa m'magulu anu onse, ndipo maganizo anu mukawapereke kwa aphungu ndi makhansala anu.

Mulungu adalitse inu nonse ndi dziko lathu la Malawi.