Musanaumbe Njerwa Yoyamba: Za Nyumba za Lendi ku Lunzu (Gawo Loyamba)

Aphunzitsi ambiri m'dziko muno, akamaona kuti zaka zopuma pa ntchito zikuyandikira, amayamba kulingalira za kanyumba ka lendi kamene kangamawapatse ndalama mwezi ndi mwezi mphamvu zikatha. Masiku ano ngakhale achinyamata amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4 ali ndi maganizo omwewo. Maganizowa ndi abwino, ndipo sindifuna kufooketsa munthu aliyense. Chimene ndifuna kutsimikiza m'nkhani ino n'chakuti phindu kapena tsoka la nyumba ya lendi limadziwika njerwa yoyamba isanaumbidwe. Munthu wa malipiro ochepa ayambe ndi nyumba yaing'ono, pa malo amene alidi ake, ndiponso ndi ndalama zimene ali nazo m'manja.

Anthu ofuna nyumba alipo ndithu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu opitirira 17.5 miliyoni, ndipo mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu pafupifupi 800,000. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, lamanga nyumba zambiri, koma ozifuna ndi ochuluka kuposa nyumbazo, kotero kuti ambiri okhala m'tauni amachita lendi kwa anthu wamba. Vuto ndi lakuti malo ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe mtengo wake mphunzitsi sangaufike, pamene ku Ndirande ndi ku Bangwe nyumba zinathithikana kale. Ndicho chifukwa chake maso a ambiri atembenukira ku timatauni tozungulira mzinda, monga Lunzu, Chileka ndi Mpemba.

Titenge Lunzu monga chitsanzo chathu. Tauniyi iri pa msewu waukulu wa M1, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa Blantyre. Kuli msika wotchuka, chipatala cha Mlambe, masukulu ndi masitolo, ndiye kuti kuli anamwino, aphunzitsi ndi amalonda ofuna pogona. Kuwonjezera apo, alipo ena ogwira ntchito mumzinda amene amalawira m'mamawa pa minibasi n'kubwerako madzulo. Munthu wotereyu akamafuna nyumba amaphatikiza lendi ndi ndalama zoyendera za mwezi wonse, ndipo akaona kuti zonse pamodzi zaposa lendi ya mumzinda, sabwera. Tsono puloti yotsika mtengo imene iri kutali, kofuna kukwera kabaza musanafike pa siteji, ingathe kukusiyirani nyumba yokongola yogonamo abuluzi. Musanagule malo, yendani pansi kuchokera pamalopo kukafika ku msewu, makamaka m'nyengo ya dzinja, kuti mapazi anu akuuzeni zoona.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya umwini wa malo. Malo ambiri kunja kwa malire a mzinda ndi a mafumu, ndipo m'madera ambiri a m'chigawo cha kummwera munda umayenda motsata mbumba. Bambo amene akukuonetsani malire mwaulemu angathe kukhala mkamwini chabe, wopanda mphamvu yogulitsa ngakhale phazi limodzi la nthakayo. Lero mulipira, mawa mwinimbumba afika ndi alongo ake, ndipo mlandu uyambika khoma litafika kale pa zenera. Palinso madobadoba ena amene amagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri kapena atatu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, funsani kwa oyandikana nawo malire, ndipo pa tsiku lolipira pakhale eni mbumba, mboni zanu ndi kalata yosainidwa ndi onse. Musalekere pomwepo. Lamulo la malo a mafumu la mu 2016, lotchedwa Customary Land Act, linatsegula njira yoti malo otere azilembetsedwa m'kaundula, choncho pitani ku ofesi yoona za malo ku khonsolo ya boma kuti akakuuzeni ndondomeko yake. Ndalama zimene mungawononge pa maulendo amenewa ndi zochepa poyerekeza ndi za milandu.

Malo angakhale anu ndithu koma osayenera nyumba. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakokolola nyumba ku Chilobwe ndi kupha anthu ochuluka. Phunziro lake lisatichoke m'mutu. Pewani malo otsetsereka kwambiri, m'mbali mwa mtsinje ndi m'dambo, ngakhale mtengo wake ukhale wokopa chotani. Pewaninso malo osungidwira msewu ndi a kunsi kwa mawaya akuluakulu a magetsi, pakuti nyumba yomangidwa pamenepo ingathe kugwetsedwa. Muonenso kumene kuli madzi, popeza mayi aliyense wodzaona nyumba amayamba wafunsa za mpopi kapena mjigo asanaone n'komwe kuchipinda.

Tsopano tibwere ku masamu, ndipo aphunzitsi mundikhululukire pokubwezerani m'kalasi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a kwanuko. Tinene kuti malo pamodzi ndi nyumba ya zitseko ziwiri zakudyerani K12,000,000, ndipo chitseko chirichonse chikulipira K50,000 pa mwezi. Pa chaka ndiye K1,200,000. Komatu nyumba siikhala ndi anthu masiku onse, denga limadontha, loko amathyoka, ndipo wina amasamuka usiku osalipira. Mukachotsa K200,000 ya zoterezi mutsala ndi K1,000,000, ndiye kuti padzapita zaka 12 kuti ndalama zanu zibwerere. Amene akuuzani kuti nyumba ya lendi imalemeretsa msanga sanagwire choko n'kuwerengera.

Masamu omwewa ndiwo amatichenjeza za ngongole. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100 iliyonse. Munthu wokongola K12,000,000 pa mlingo umenewu ayenera kupereka K3,120,000 pa chaka ya chiwongoladzanja chokha, pamene nyumba yake ikumupatsa K1,000,000. Zotsalazo zichokera kuti ngati si m'malipiro amene ana amadyera? Za katapila ndiye tisanene n'komwe. Ngongole yaing'ono ya ku SACCO kapena ya banki mkhonde, yogulira malata khoma litatha kale, iri ndi malo ake, malinga ngati malipiro anu okha angathe kuibweza popanda kudalira lendi. Koma kumanga nyumba yonse pa ngongole ndi kugwirira ntchito wokongoza.

Wina afunsa kuti, nanga ngati phindu likuchedwa chotere, n'kuvutikiranji? Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake tonse tinaliona. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44. Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anadzuka zitachepa mphamvu, pamene amene anali atazisandutsa kale simenti ndi malata anapeza katundu wake atakwera mtengo. Lendi imasintha potsata nyengo, ndipo nyumba imatsalira ana. Choncho nyumba ya lendi tiyione ngati nkhokwe, imene ntchito yake ndi kusunga zimene munakolola m'zaka za mphamvu.

Pomanga, kumbukirani munthu amene adzakhalemo. Ambiri amalakwa poyamba chinyumba cha zipinda zisanu chimene chimaima pa lintala zaka zambiri, udzu n'kumera m'katimo. Kuthamanga sikufika. Mdadada wa zitseko ziwiri, chirichonse cha chipinda ndi pabalaza, umatha msanga ndipo supereweza anthu, chifukwa ofuna nyumba zotere ndiwo ochuluka. Chitseko chimodzi chikakhala chopanda munthu, chinzake chimakhala chikulipira. Ikani mtima pa maziko olimba, chimbudzi chabwino, bafa ndi ngalande yochotsa madzi a mvula. Ngati mwakoka magetsi, yesetsani kuti banja lirilonse likhale ndi mita yakeyake, pakuti mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pa mayunitsi. Lendi ya zitseko ziwirizo ndiyo idzamange chachitatu.

Inu achinyamata musaganize kuti nkhaniyi ndi ya okalamba okha. Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira kumanga, ukalipentala kapena kuwotcherera zitsulo wachepetsa kale mtengo wa nyumba yake ya m'tsogolo, popeza mbali yaikulu ya ndalama zomangira imapita kwa amisiri. Amene makolo ake ali ndi malo pafupi ndi tauni angathe kupempha chilolezo cha banja lonse, cholembedwa bwino, n'kuyamba ndi chipinda chimodzi.

Potsiriza, wokhala m'nyumba mwanu ndi munthu mnzanu ndiponso ndiye mwini ndalama zimene mukudyazo. Lembani pangano lonena za lendi, tsiku lolipira ndi nthawi yochenjezana wina akafuna kusamuka, ndipo muzipereka lisiti. Zimenezi zichitike ngakhale wolowayo ndi mphwanu kapena mlamu wanu, chifukwa chibale chambiri chathera pa lendi ya miyezi itatu. Dziwaninso kuti ndalama za lendi zimakhudzidwa ndi malamulo a msonkho, ndipo a Malawi Revenue Authority angakuuzeni mbali yanu. Mwininyumba wokonza denga msanga ndi wolankhula mwaulemu amasunga anthu zaka zambiri, ndipo phindu lenileni liri pamenepo.

M'gawo lotsatira tidzakamba za kusankha mmisiri, kugwirizana naye mtengo, ndi kusamala simenti kuti isathere m'njira. Pakadali pano tengani kope ndi pensulo, mulembe manambala anu, ndipo muwaonetse a kunyumba kwanu musanapite kukaona puloti.