Kansomba kapakati musakataye mumtsinje

Anthu a kwa Dambe m'boma la Neno amene anawetapo makumba m'dziwe amadziwa kuti nsombayi imaikira mazira, ndipo yaikazi imawasunga m'kamwa mpaka ataswa, monga chimachitira chambo. Koma kuli tinsomba tina toweta m'magalasi m'nyumba, monga guppy, molly ndi swordtail, tomwe sitiikira mazira ayi. Timatenga pakati n'kubereka ana amoyo, osambira kale.

Guppy, yemwe kwawo ndi ku Trinidad ndi ku Venezuela, akakhala ndi pakati mimba imatukumuka ndipo chakumchira kumaoneka dontho lakuda. Pakatha masiku 21 mpaka 30 amabereka, kawirikawiri ana makumi angapo. Chisamaliro cha chambo apa palibe. Anawo akasowa pobisala, make yemweyo amawameza, n'chifukwa chake oweta amaika zomera zambiri m'madzi kapena kumupatula akangobereka.

Chodetsa nkhawa ndi ichi: wamkazi amasunga mbewu ya mwamuna m'thupi kwa miyezi ingapo, moti amabereka mwezi ndi mwezi ngakhale ali yekha. Mu 2011, akatswiri amene anafufuza ku Trinidad anasonyeza kuti guppy mmodzi wapakati ndi wokwanira kuyambitsa mtundu wonse pamalo atsopano.

Ndiye taganizani. Wachibale wabweretsa tinsombati m'botolo kuchokera kutauni, ana asewera nato, atopa nato, ndipo agogo mwachifundo akuti katayeni kudziwe. Mvula ya kumapiri ikagwa dziwe limasefukira, ndipo mitsinje ya ku Neno monga Lisungwi ndi Wamkulumadzi imakathira mu Shire. Chifundo chotere n'chosayenera.

Ena adzati tinsombati timadya mphutsi za udzudzu. N'zoona, timadyadi. Maganizo omwewo ndi amene anachititsa kuti Gambusia, nsomba ina yobereka ya ku America, ifalitsidwe m'maiko ambiri pofuna kuthana ndi malungo. Sinasankhe mphutsi zokha, inadyanso mazira ndi ana a nsomba za eni dera, mpaka bungwe la IUCN linaiika pamndandanda wa zamoyo 100 zobwera zoononga kwambiri padziko.

Boma la Malawi linaletsapo kuweta carp poopa kuti ingasokoneze nsomba za m'nyanja yathu. Carp ndi yaikulu, imaoneka, koma guppy amangolingana ndi chala. Amene watopa naye ampatse mnzake woweta m'galasi, kapena afunse alangizi a zansomba. Za udzudzu, neti ya mankhwala ilipo.