Mkonono si tulo tokoma: dzuwa la m'mawa lingathandize odwala

Pa msewu waukulu wodutsa m'tauni ya Kafue, magalimoto a katundu amayenda usana ndi usiku kulinga ku Chirundu ndi ku Livingstone. Woyendetsa akangoodzera pang'ono, mabanja amalira. Cimodzi mwa zinthu zobweretsa kuodzera kotere ndi matenda amene ambiri sawawerengera, cifukwa cizindikiro cake ndi mkonono.

Matendawa, amene madokotala amawacha sleep apnea, amabwera pamene minofu ya pammero ilefuka munthu ali m'tulo, n'kutseka njira ya mpweya. Wodwala amaleka kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kenaka amadzidzimuka ngati wobanika. Kwa ena zimenezi zimacitika koposa ka 30 pa ola limodzi. Kukaca amadzuka wotopa, ndipo m'kupita kwa nthawi angadwale BP, mtima kapena sitiroko. Mu 2019 akatswiri anayerekezera kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali ndi vutoli padziko lonse.

Cithandizo codziwika ndi makina ochedwa CPAP, amene Colin Sullivan wa ku Australia anawadziwitsa ku dziko mu 1981. Makinawa amapopera mpweya kudzera m'cophimba mphuno kuti mmero usatsekeke. Madokotala amafuna kuti cophimbaco civalidwe maola osacepera 4 usiku uliwonse, koma odwala ambiri amatopa naco n'kucisiya.

Apa ndi pamene kuwala kwalowa m'nkhaniyi. Thupi la munthu lili ndi nkoloko yake, ndipo cimene cimaikonza ndi kuwala kwa m'mawa. Kukalowa m'maso, ubongo umadziwa kuti kwaca, ndipo madzulo tulo timabwera pa nthawi yake. Kumaiko ozizira, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anthu ovutika maganizo m'nyengo ya cisanu amakhala pafupi ndi nyali yowala kwambiri kwa mphindi 30 m'mawa. Akatswiri a ku America ayesa nyali zotere pa odwala ogwiritsa nchito CPAP amene akali kuodzera masana. Ganizo lake n'lakuti munthu wogona ndi kudzuka pa nthawi yokhazikika, amenenso mtima wake uli m'malo, sataya msanga cithandizo.

Ife kuno sitifunika kugula nyali. Dzuwa lathu limawala kuposa nyalizo, ndipo n'laulere. Mlimi wolawirira kumunda amalilandira kale. Amene amacoka m'nyumba n'kulowa m'galimoto kapena mu ofesi ayenera kuyamba akhala panja m'mawa. Ogwira nchito usiku m'mafakitale afunse dokotala za nthawi yowayenera.

Vuto lina ndi magetsi. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi anali kuzima mpaka maola 21 patsiku. Popanda magetsi CPAP siyenda, conco wogula makinawa aganizirenso za batire ndi sola.

Koma tisanamizane: dzuwa silitsegula mmero. Mwina lingathandize wodwala kupirira cithandizo. Amayi ndi abambo, mukaona mnzanu akuleka kupuma m'tulo, pitani naye kukiliniki kapena ku Kafue General Hospital. Acepetse thupi ngati ndi wonenepa, aleke mowa wa madzulo, ndipo azigona cammbali. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.