PEMPHERO NDI UPHUNGU SI ADANI, AISE

Kaya muli ku Nguwo, ku Chipoka, ku Msaka kapena muli m'tauni muno kusakasaka, werengani mpaka kumapeto. Ndikulemba usiku kuno ku Area 49, ku Gulliver, kwa achemwali anga komwe ndikugona masiku ano. Magetsi azima, koma nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ambiri mumandidziwa ndi sipanala m'manja, wokonza injini za maboti. Ndinabwera ku Lilongwe kudzagula masipeya a Yamaha Enduro, ndiye mwakhala mukufunsa kuti bwanji sindikubwerera. Zoona zake n'zakuti ndapeza ganyu pagalaja yokonza njinga zamoto za kabaza, ndipo ndikusonkhanitsa fizi. Ndikufuna kukaphunzira uphungu, ntchito yothandiza anthu amene maganizo awalemera. Nditanena izi pagulu lathu, wina anaseka amvekere, "Iwe wa girisi ukufuna ukhale abusa kapena dokotala wa amisala?" Aise, lero ndikuyankhe.

Mukukumbukira zimene zinawachitikira achimwene anga zaka zitatu zapitazo. Unali mwezi wa Julaye, ali pakati panyanja usiku kukoka usipa ndi chilimira, mwera unawapeza. Bwato la siginala linatembenuzika. Achimwene anamugwira dzanja kuchokera m'boti, funde linamenya, dzanja linapulumuka. Thupi linapezeka patatha masiku anayi. Zimenezo mukuzidziwa. Zimene simukuzidziwa ndi zomwe zinkachitika m'nyumba mwathu, ndipo achimwene andilola kuti ndizinene.

Anasiya kugona. Mphepo ikangogwedeza malata, ankadzambatuka thukuta lili kamukamu. Boti anakaniratu kukwera. Kachasu anayamba kumwa m'mamawa, alamu akalankhula pang'ono basi mkangano. Kenako anayamba kugawa zinthu zawo, foni kwa ine, jekete kwa msuweni wathu, n'kumalankhula ngati munthu wotsanzika. Ife tinkangoti ndi mowa.

Bambo anati ndi mzimu wa malemu, tinapita kwa sing'anga, mbuzi inapita. Mayi anawatengera kwa mneneri wina, iye anati ndi chiwanda, asale kudya masiku atatu, agule mafuta odzola, ndipo asayerekeze kupita kuchipatala chifukwa kumeneko n'kusakhulupirira. Mnzanga wina wa kukoleji naye anabwera ndi zake, akuti zopempherazo n'zachikale, angomwa mapiritsi basi. Achimwene atamva zimenezo anatseka chitseko. Munthu amene wakulira m'kwaya sungamuuze kuti Mulungu alibe nazo ntchito.

Amene anatithandiza ndi mayi ena a kutchalitchi kwathu, namwino. Anawaperekeza kuchipatala cha boma kukaonana ndi namwino wa matenda a maganizo. Iyeyo anawamvetsera kwa ola lathunthu osawadula. Anawafotokozera kuti munthu akaona imfa pafupi chonchija, thupi limakhalabe tcheru ngati ngozi sinathe, n'chifukwa chake tulo sitibwera ndipo mtima umathamanga. Anawapatsa mankhwala, anawaphunzitsa kupuma mofatsa mantha akabwera, n'kuwauza kuti azibwerera kunyanja pang'onopang'ono: sabata ino kukhala padoko, sabata inayo kuviika miyendo, kenako kukwera boti lomangirira.

Tulo tinabwerera. Koma chinthu chimodzi chinatsala, chimene piritsi silikanachifika: ankadziona ngati wakupha. Chimenecho chinamasuka tsiku limene mkulu wa mpingo anawaperekeza kwa mayi ake a malemu. Gogo aja anawagwira dzanja lomwe lija n'kunena kuti, "Mwanangu, iwe unayesetsa, nyanja ndi imene inatenga." Anapemphera limodzi, achimwene analira ngati mwana. Lero akuwedza.

Ndiye ndifunse: anawachiritsa ndani, namwino kapena pemphero? Inu amene mumayendetsa maboti mukudziwa kuti Enduro siyenda ndi petulo yekha. Pathanki ya malita 25 timathira theka la lita la oyilo. Ukamana oyilo, pisitoni imagwira, injini yafa. Ukachulutsa, utsi tolotolo, mapulagi ada, sikulira. Nkhani si yosankha petulo kapena oyilo, nkhani ndi kudziwa muyezo. Munthu naye ali ndi thupi, maganizo, mzimu komanso abale. Wothandiza amene amangoona chimodzi amasiya zitatu zikuwonongeka.

Izi si nzeru zanga zokha ayi. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'makomboni kukhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu, kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Sankayamba ndi mayina ovuta a matenda, ankayamba ndi mawu a Chishona akuti kufungisisa, ndiye kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu okhala pabenchipo ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. Kwathu kuno, Dr Chiwoza Bandawe, katswiri wa zamaganizo, analemba buku lotchedwa Practical uMunthu Psychology, kusonyeza kuti maphunziro amenewa angathe kuima pa umunthu wathu womwewu. Ngakhale makolo ankadziwa kuti wovutika mumtima samusiya yekha. Vimbuza wa Atumbuka, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu, ndi gule wa machiritso: ng'oma, nyimbo, mudzi wonse kuzungulira wodwala.

Koma apa ndipamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa kusakaniza kumeneku kuli ndi akuba ake. Masiku ano aliyense wokhala ndi foni ndi jekete akudzitcha mlangizi, ena akulipiritsa pemphero ngati bandulo. Ine ndadziikira malamulo anayi, ndipo muyese nawo aliyense amene akuti amathandiza anthu.

Loyamba, ayambe wadzikonza yekha. Ine ndinkaganiza kuti wodwala m'banja mwathu ndi achimwene okha. Chonsecho injini ya boti lija ndinaikonza ndine dzulo lake, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkadzifunsa ngati ikanalira msanga munthu uja akanapulumuka. Ndinkapsa mtima ndi makasitomala, ndinkamwa. Nanenso ndinakakhala pamaso pa mlangizi maulendo asanu ndi limodzi, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Sungakonze kabuleta ya wina manja ako ali mchenga wokhawokha.

Lachiwiri, aphunzire. Mtima wabwino wokha sukwanira. Ku Mzuzu kuli sukulu ya St John of God komwe amaphunzitsa uphungu, ndipo ndi komwe ine ndikuloza ndi MSCE yangayi. Ngati injini ndinaiphunzira zaka zitatu ndisanaloledwe kutsegula ya kasitomala ndekha, kuli bwanji mutu wa munthu?

Lachitatu, adziwe malire ake. Munthu akamamva mawu amene ena sakuwamva, akamakomoka ndi khunyu, akamalankhula zodzipha, ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe. Pempherani naye m'minibasi mukupita. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a zamaganizo, a St John of God ali ku Mzuzu komanso kuno ku Area 43, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Aliyense wokuuzani kuti tayani mankhwala, kaya a maganizo, a khunyu kapena ma ARV, kuti muonetse chikhulupiriro, muthaweni.

Lachinayi, asakakamize chipembedzo chake ndipo asunge chinsinsi. Kunyanja tili osakanikirana, wina wa CCAP, wina wa Katolika, wina wa kumzikiti. Ntchito ya mlangizi ndi kufunsa kuti iwe mphamvu umazipeza kuti, ndipo ngati ndi kwa a shehe, ayende nawe kwa a shehe. Zimene wamva zithere m'khutu mwake, osati padoko.

Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Ife tinaleredwa kuti mwamuna salira, ndiye timalirira m'botolo. Ngongole ya mafuta, ukonde wobedwa, usipa wosowa, mkazi wachoka, zonse timangoti zili bho.

Pempho langa ndi ili. Pali mnzako amene wasiya kubwera pabawo, kapena wayamba kugawa katundu wake. Usadikire maliro. Pita mawa, khala naye pamchenga, umufunse mosapsatira kuti, "Aise, ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamutsegulira khomo. Akavomera, usamusiye yekha, uza wachibale wamkulu, mupite naye kuchipatala.

Injini zanu ndidzakonzabe ndikabwera pa Khirisimasi, musadandaule. Koma amene akufuna tikambe zina osati pulopela, inbox ili yotsegula. Tumizirani ena.