Makina okha sakwanira, luso la m'manja ndilo limapereka yankho loona

Yunivesite ya Vanderbilt mumzinda wa Nashville ku America yakhala ikuchititsa maphunziro a masiku angapo otchedwa AIMS, omwe amasonkhanitsa akatswiri a kafukufuku kuti aphunzire ndi manja awo njira yotchedwa imaging mass spectrometry. Ambiri mwa ophunzirawo ndi anthu omwe akhalitsa kale m'labotale. Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri otere akubwerera m'kalasi?

Yankho lagona pa momwe njirayi imagwirira ntchito. Wofufuza amatenga kachidutswa ka mnofu, monga ka mapapo, n'kukaumitsa ndi kuzizira kwambiri. Kenaka amakadula mopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, n'kukawaza mankhwala apadera otchedwa matrix. Kuwala kwa laser kumawomba kachidutswako malo ndi malo, ndipo makina amayeza kulemera kwa mamolekyulu omwe anyamuka pamalo aliwonse. Pamapeto pake kompyuta imajambula mapu osonyeza pomwe pali puloteni, mafuta kapena mankhwala omwe wodwala anamwa.

Richard Caprioli ndi anzake anasindikiza lipoti lofotokoza njirayi m'chaka cha 1997, ndipo pambuyo pake iye anakakhazikika ku Vanderbilt. Kuchokera nthawi imeneyo makina apita patsogolo kwambiri, koma ntchito yokonza kachidutswa ka mnofu idakali m'manja mwa munthu. Matrix akanyowa mopitirira, mamolekyulu amasuntha kuchoka pamalo pake. Mnofu ukachedwa kuumitsidwa, zina mwa zomwe zili mkati mwake zimayamba kuwonongeka. Choopsa n'chakuti makina amatulutsabe chithunzi chokongola ngakhale zitalakwika motero, ndipo wofufuza wosadziwa akhoza kuchikhulupirira. Luso lozindikira zolakwika zoterezi silipezeka pongowerenga mabuku. Limabwera munthu akayesa, kulakwitsa ndi kukonzedwa ndi wodziwa.

Kufunika kwa mapu olondola kunaoneka bwino pa nkhani ya chifuwa chachikulu cha TB. M'chaka cha 2014, kafukufuku wamkulu wa REMoxTB, yemwe anachitikanso ku Zambia ndi ku South Africa, anapeza kuti kumwa mankhwala okhala ndi moxifloxacin kwa miyezi inayi sikunafanane mphamvu ndi kumwa mankhwala a masiku onse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Odwala ochulukirapo matendawa anawabwerera. Chaka chotsatira, gulu lomwe munali Brendan Prideaux ndi Véronique Dartois linagwiritsa ntchito njira yojambulayi pa zidutswa za mapapo za odwala a ku South Korea omwe anachitidwa opaleshoni. Linapeza kuti rifampicin ndi pyrazinamide amalowa mkatikati mwa zilonda za m'mapapo, momwe tizilombo timabisala, pamene moxifloxacin amachuluka m'mphepete koma salowa bwino pakati. Kuyeza magazi kokha sikukanaonetsa kusiyana kumeneku.

Zotsatira zotere zimathandiza posankha mankhwala oyenera kuyesedwa pa anthu, ntchito yomwe imadya ndalama zambiri komanso zaka. Mapu olakwika akhoza kuchititsa kuti mankhwala abwino atayidwe, kapena kuti osathandiza apitirire kuyesedwa.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudzira maiko ngati Malawi, komwe TB ikadasautsabe anthu ambiri, makamaka omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Pokambirana zotukula sayansi, chidwi chimathamangira kogula makina chifukwa ndiwo amaoneka ndi maso pa tsiku lotsegulira. Koma makina a mtunduwu ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osadukiza, mafiriji odalirika ndi anthu odziwa kuwasamalira. Choncho sukulu zaukachenjede ndi mabungwe opereka thandizo akamalemba ndondomeko za chuma, ndalama zotumizira wofufuza kukaphunzira ndi manja ake, komanso zoti akabwerako adzaphunzitse anzake, ziyenera kulembedwa pamzere umodzi ndi mtengo wa makinawo.