Wakwera nacho atsike nacho

Kawirikawiri timaona zithunzi za achinyamata, ana asukulu ndi anyamata onyamula katundu wa alendo atasenza matumba a zinyalala zomwe atola m'njira za m'phiri la Mulanje kapena la Zomba. Timawaombera m'manja, ndipo akuyeneradi ulemuwo, pakuti agwira ntchito yowawa popanda malipiro. Koma zithunzizi zimayenera kutichititsanso manyazi. Thumba lililonse lotsika kuphiri likutiuza kuti pali anthu amene adakwera ndi botolo lodzaza, namwa, kenako nkulephera kutsika nalo litapepuka.

Zomwe amatola odziperekawa si zachilendo: mabotolo a zakumwa, majumbo, timapepala ta mabisiketi ndi maswiti, zitini, ngakhale matewera a ana. Sizinagwe ndi mvula. Zimabwera ndi ife amene timapita pa Dziwe la Nkhalamba kukasangalala pa holide, ndi magulu a kuntchito okwera phiri Loweruka, ndi mipingo yokagona kuphiri kukapemphera. Tisanamizire azungu okaona malo. Zambiri mwa zinyalalazi ndi zathu.

Mulanje si phiri wamba. Nsonga yake ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ndiyo malo okwera kwambiri m'dziko muno. Nkhalango yake idayamba kutetezedwa ndi lamulo mu 1927, ndipo ndiko kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lathu. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha ulemu umene Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao amalipatsa ngati malo a mizimu. Kodi malo amene makolo ankalowamo mwaulemu chotere, ife tiwasandutse dzala?

Amene nkhani za mizimu sizimukhudza aganizire madzi. Mitsinje ya Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula imayambira m'phirimu. Midzi ya m'munsi imamwa madzi amenewa, ndipo ena mwa madzi a m'mipopi ya mu Blantyre amatengedwa ku Likhubula. Jumbo yotayidwa kumtunda mvula ikagwa imatsikira kwa anthu.

Vuto langa ndi lakuti kudzipereka kwa ochepa kwasanduka pobisalira ambiri. Wotaya amadziwa kuti wina adzatola. Woyang'anira nkhalango amaona njira yayera, nkuganiza kuti zinthu zili bwino. Timangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ngati kuti phirili ndi la okhawo amene mtima umawapweteka. Chonsecho otola amabwera mwa apo ndi apo, pamene otaya amabwera sabata iliyonse. Mpikisano umenewu otola sangaupambane.

Ena amati tingoika mabini m'njira monse. Nanga bini ya ku Chambe kapena ku Chisepo, komwe galimoto siifika, adzaikhuthula ndani? Ikadzaza, anyani ndi akhwangwala amamwaza zonse. Ena amati tizingotentha. Moto wolusa ndi umodzi mwa adani akuluakulu a mbande za mkungudza zomwe bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala movutikira. Yankho si kukonza malo otayirapo m'phiri, koma kuonetsetsa kuti chokwera chatsika.

Maiko ena adazindikira zimenezi. Ku Kilimanjaro, m'dziko la Tanzania, mabotolo apulasitiki omwera kamodzi nkutaya saloledwa kukwera. Mu 2014 boma la Nepal lidalamula kuti wokwera Everest aliyense azitsika ndi zinyalala zolemera makilogalamu 8. Ife tili ndi poyambira pabwino. Alendo ambiri amadzera ku Likhubula, komwe amalembetsa ndi kupeza owatsogolera. Pomwepo gulu lililonse lipatsidwe thumba, mabotolo awerengedwe, pasiyidwe ndalama ya chikole yobwezedwa thumbalo likaonetsedwa potsika. Wotsogolera alendo apatsidwe mphamvu yonenera gulu losamva, ndipo asaope kuluza ganyu. Gawo la ndalama zolowera lilipire anthu a m'midzi yozungulira kuti azisamalira njira, chifukwa ntchito yokhazikika siingadalire chifundo chokha.

Malamulo tili nawo kale. Mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60 adaletsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo nkugwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Mu 2020 boma lidakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Chosowa ndi kulimba mtima kokakamiza anthu kutsatira zomwe tidagwirizana.

Odzipereka apitirize, ndipo tiwathandize ndi matumba, magolovesi ndi manja athu. Koma Nthambi ya Zankhalango, makhonsolo, abusa ndi atsogoleri a magulu okwera mapiri asiye kungoyamikira, ayambe kuletsa ndi kulipitsa chindapusa. Ndipo inu amene mukukonza ulendo wa kuphiri sabata ino, longedzani thumba la zinyalala pamodzi ndi kamba wanu. Chomwe mwakwera nacho, tsikani nacho.