Mlimi wa Thonje Asakhale Wanchito Wopanda Mau

Abale ndi alongo a m'midzi ya Petauke ndi Nyimba, makampani akunja si alendo pakati pathu. M'masiku a atsamunda kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu kuno kum'mawa, ndipo makolo athu ambiri anayenda pansi kukagwira nchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia kuti apeze ndalama ya msonkho. Masiku ano kampani siicotsa munthu pamudzi. Imam'gwiritsa nchito m'munda mwake momwe.

Taonani za thonje. Mu 1994 Boma linagulitsa kampani yake ya Lintco kwa Lonrho ndi Clark Cotton. Pambuyo pake Dunavant ya ku America inalowa m'malo mwa Lonrho, ndipo mu 2006 Cargill inagula Clark Cotton. Eni ake akhala akusintha, koma kacitidwe ndi kamodzi. Kampani ipereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole. Mlimi alima, apalira, apopera ndi kukolola pamodzi ndi banja lake. Pogulitsa, ngongole ndiyo iyamba kudulidwa, ndipo kawirikawiri mtengo umveka thonje litakhwima kale.

Mu 2011 alimi analandira pafupifupi K3,200 pa kilo, ndalama zakale. Mu 2012 mtengo utagwa pa msika wa dziko lonse, anapatsidwa K1,600 cabe, koma ngongole inafunikabe kubwezedwa. Wanchito wa m'fakitale yacotsa njere ali ndi pothawira: lamulo la 2015 linaletsa kulemba anthu ngati aganyu pa nchito yokhalitsa, ndipo la 2019 linalimbitsa ufulu wa anchito. Mlimi sawerengedwa ngati wanchito, ngakhale thukuta lake ndilo liyendetsa makinawo.

Sitikunena kuti makampani acoke, pakuti abweretsa ngongole ndi msika kumene mabanki safika. Tikunena kuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Pangano liwerengedwe poyera pa msonkhano wa mudzi munthu asanadinde cala. Malisiti asungidwe, ndipo sikelo iyang'aniridwe ndi maso a alimi eni ake. Lowani m'makopaletivu ndi m'bungwe la Cotton Association of Zambia, kuti za mtengo zikambidwe mbeu isanagwe m'nthaka. Bwezaninso ngongole mokhulupirika, osagulitsa thonje kumbali, cifukwa mudzi wosunga pangano ndiwo ukhala ndi mphamvu youza kampani kuti nayonso isunge lake.